Ndinayankhira Mlamu Wanga

Ku Joni ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, koma sindinamangeko ngakhale chimbudzi. Ntchito yanga inali yogumula. Anthu a kwathu ku Vubwi akamva kuti uje ali ku Joni amaganiza kuti akumanga nyumba zosanja, nyama tsiku ndi tsiku, pamene ife tinkalowa m'nyumba zimene eni ake anazitaya kalekale, n'kuzisenda kuyambira kudenga mpaka pansi. Mano anga awiri akutsogolo ndinawasiya komweko. Mlamu wanga Yotamu ndinabwera naye m'bokosi, ndipo kwa zaka zinayi kwathu kuno kunkadziwika kuti anapsa akuba mawaya a kopa. Sanabe kanthu Yotamu. Kuno kumudzi wodziwa zimenezo ndinali ine ndekha, ndipo ndinakhala chete chifukwa imfa yakeyo inadzera pakamwa panga.

Yotamu anali wa ku Sinda, mwamuna wa mlongo wanga Esinati. Anabwera kwathu pa chikamwini ali ndi njinga yopanda mabuleki ndi Baibulo, ine n'kumamuseka kuti chuma chake chonse chimakwana pa kaliyala. Sankakwiya. Ankangondiyankha mu Chinsenga chakwawo, mawu oti ine sindikuwamva, kenako n'kuseka yekha. Anali munthu wofatsa, wamantha pang'ono, wokonda kudya. Ine ndiye wamtima wapachala, izi aliyense pa Katete pano angakuuzeni.

Chaka chimene thonje linatigwiritsa fuwa la moto, ine ndinali nditabwera kuchokera ku Joni kudzaona anthu, jekete lachikopa lili pathupi, ndipo ndine ndinamunyengerera kuti tibwerere limodzi. Esinati anakana masiku atatu. Ankati mwamuna wake si wa m'tauni, pa Katete pomwepa amasokera. Ndinamuuza kuti asiye zachibwana, munthuyo akakhala m'khwapa mwanga. Tinakwera lole pa Katete, kudutsa pa Chanida, kupsa ndi dzuwa la ku Tete, mpaka kumtsinje wa malire a dziko la eni. Kumeneko amuna a zikwanje anatitchingira m'tchire masanasana. Yotamu anamuvula nsapato n'kumuponda pamutu, ine poyesa kulimbana nawo anandicheka pamkono. Tinalowa mu Joni iye atavala mapatapata a mitundu iwiri, ine nditamanga nsanza pabala, koma tikuseka ndithu kuti tafika.

Tinkagona anthu asanu ndi mmodzi m'kachipinda ka malata kuseri kwa nyumba ya munthu: ife awiri, Amalawi atatu ndi m'bale wina wa ku Angonia. Mayiko atatu, chilankhulo chimodzi, bulangete la mnzako ndi lako lomwe. Wina akadwala tinkamugwirira ntchito, wina akamangidwa tinkathamangira limodzi. Mwezi ukatha aliyense ankatumiza kangachepe kumudzi, ndipo chaka chachiwiri Esinati anafolera nyumba ndi malata. Yotamu anaonetsa chithunzi cha nyumbayo kwa aliyense, mpaka kwa woyendetsa minibasi amene sanafunse n'komwe.

Kapitawo wathu tinkamutcha Nyundo, ndipo dzinali sanalipeze mwaulere. Tsiku lina anagwira bambo wina wa m'deralo akusolola mawaya m'khoma. Anamugoneka dzanja pa njerwa n'kumuphwanya zala zinayi ndi nyundo, chimodzichimodzi, ife tikuona, munthu akukuwa mpaka mawu kutha. Atamaliza anapukutira nyundoyo pa buluku n'kutiuza kuti tibwerere ku ntchito. Wochedwa m'mawa ankalandira payipi m'nthiti, ukachedwa kawiri ndiye ulendo. Kokadandaula kunalibe, poti tonse tinalibe mapepala. M'buku la kampani munalibe dzina la kwathu ngakhale limodzi. Ankatilemba maina a eni dziko amene anabwereketsa ziphaso zawo, moti ine ndinali Thabo, Yotamu anali Sipho.

Ndiye panabadwa kachizolowezi kathu. Poitana maina, mnzako akachedwa unkamuyankhira. Unkangowerama pang'ono, kusintha mawu, n'kunena kuti ndilipo, chipewa cholimba chitaphimba nkhope, kansalu kotchinga fumbi kali kukamwa. Anthu makumi anayi ovala mofanana, maina ake obwereka, akanazindikira ndani? Sitinkachiyesa chinyengo ayi. Kwa ife unali ubale, ndipo munthu wokana kuyankhira mnzake tinkamusala ngakhale pa chakudya. Ine anandiyankhirapo kangapo, nthiti zanga zinapulumuka chifukwa cha chizolowezi chimenecho.

Munthu mmodzi yekha amene Nyundo ankamuopa anali mayi woyang'anira za ngozi. Anali wa komweko, wamfupi, wojintcha, wezulo ili pakhosi nthawi zonse, ndiye tinangomutcha Mayi Wezulo. Poyamba ndinkamuona ngati wotitayitsa nthawi. Nyumba iliyonse tisanaikhudze ankatiyendetsa monsemo, kutionetsa njira ziwiri zotulukira pa nsanjika iliyonse, n'kujambula mivi yobiriwira m'makoma. Popeza ife tomwe ndife tinkagumula njirazo, Lolemba lililonse ankatiyendetsanso, kufufuta mivi yakale n'kujambula ina. Mabotolo a gasi ankafuna azigona panja, m'khola lawo la waya, ataimirira. Matabwa, mapepala ndi zinyalala zonse zoyaka zizituluka tsiku lomwelo. Pa masitepe aliwonse pazikhala botolo lofiira lozimitsira moto. Fodya ndi mbaula, ngakhale kutchula komwe ayi.

Chimene ankalimbikira koposa chinali kudula zitsulo ndi moto wa gasi. Palibe ankaloledwa kuyatsa popanda chikalata chosainidwa ndi iye, ndipo asanasaine ankabwera kudzaona ngati mwasesa, mwathira madzi, mwatseka mabowo a pansi kuti mbaliwali zisagwere kunsi. Odula akamaliza, munthu mmodzi ankatsala pamalopo ola lathunthu ndi botolo lofiira, kungoyang'ana basi. Ameneyo ndiye tinkati mlonda wa moto. Mayiyo ankati moto wa m'nyumba yogumula suyaka anthu muli pomwepo, umadikira kuti mupite kukadya. Ndipo wezulo ikalira katatu, chilichonse pansi, nonse ku mlongoti wa pa geti, aliyense akayankhe dzina lake. Ankatikumbutsa mpaka kutopetsa kuti buku la mainalo ndi limene amaonetsa ozimitsa moto, chifukwa iwo salowa m'nyumba yothyokathyoka kukapulumutsa khoma, amalowera munthu. Ife tinkangogwedeza mitu, maganizo ali pa chakudya.

Ulonda wa motowo anaupatsa Yotamu, poti ndi yekhayo amene ankatha kukhala ola lonse osasuntha. Ine ndinkamuseka kuti wadutsa mayiko atatu kudzalondera phulusa, ntchito yoti ngakhale nkhalamba yopanda mano ingaigwire. Iye ankainyadira. Anazimitsapo timoto tiwiri tisanakule, Mayi Wezulo n'kumuyamikira pagulu. Koma mimba ndiyo inali mdani wake. Kuseri kwa mpanda kunali mayi wina wa ku Dedza wogulitsa mandazi ndi tchipisi, ndipo pa mpandapo panali kabowo. Masiku ena dzuwa likafika paliwombo, Yotamu akaona kuti zitsulo zazizira ankazemba kukagula mandazi, pakangotha mphindi khumi wabwerera. Kamodzi wezulo yoyeserera inalira iye ali komweko. Ndinamuyankhira, palibe anadziwa, ndipo poweruka tinaseka mpaka misozi.

Chaka chake chachitatu tinapatsidwa fakitale yakale ya matiresi, yosanja kasanu. Pa nsanjika yachitatu panali masiponji otsala, milumilu mpaka kudenga, ouma ngati udzu wa mu Okutobala. Masitepe analipo awiri, aakulu akutsogolo ndi achitsulo akumbuyo, amene anali kunja kwa khoma, nsanjika iliyonse ndi chitseko chake. Akuba kopa ankakwera akumbuyowo, ndiye Nyundo anaboola zitsekozo, kulowetsa maunyolo n'kukhoma maloko. Mayi Wezulo ataona anabwera ndi chodulira, nadula maunyolo onse yekha, n'kumukalipira Nyundo pamaso pathu m'chilankhulo chawo mpaka chimunthu chija kuzolika. Koma mayiyo ankayang'anira malo atatu. Akangotuluka pa geti, Nyundo ankatuma munthu kukamanganso.

Linali Lachisanu. Chimakina chogumula chinkayenera kubwera Lolemba, pamene mapayipi a pa nsanjika yachinayi anali asanadulidwe. Mayi Wezulo anali atakana kusaina, ati masiponji a kunsi achoke kaye, ndipo m'mawa umenewo anali ku malo ena. Nyundo anati tidule. M'bale wa ku Angonia uja atafunsa za chikalata analandira khofi mpaka chipewa kugwa, funso n'kuthera pomwepo. Amene anagwira moto ndinali ine. Ndinkaziona ndithu mbaliwali zikutsikira m'mabowo a mapayipi, koma ndinangoti zizimira m'njira. Dzuwa litakwera tinasiya mabotolo a gasi pomwepo kuti tidzapitirize tikadya, n'kutsika. Yotamu anatsala ndi botolo lake lofiira, atakhalira ndowa, akudandaula kuti m'mawa sanamwe tiyi. Mawu anga omaliza kwa iye anali akuti, “Alamu, mimba yanuyo idzakuphetsani tsiku lina.” Anandiyankha mu Chinsenga, akuseka.

Tinali tisanamalize kudya pamene zenera linaphulika pa nsanjika yachitatu. Utsi umene unatuluka pamenepo sindinauonepo chibadwire, wakuda bii, wolemera, wonunkha matayala. Posakhalitsa mazenera ena anatsatira, magalasi akugwera pakati pathu, limodzi n'kung'amba phewa la Mmalawi mmodzi mpaka fupa kuoneka. Mayi Wezulo anali atangolowa kumene pa geti. Wezulo inalira katatu, tonse tinathamangira ku mlongoti, ena akugwa, ena akupondana. Mayiyo anatsegula buku n'kuyamba kuitana maina mwachangu, maso ali pa pepala, pofuna kudziwa msanga ngati tatuluka tonse.

Ndinayang'ana uku ndi uku, Yotamu palibe. Ndikuuzeni zimene zinabwera m'mutu mwanga, poti ndakhala ndikuzibwereza zaka zonsezi. Ndinati munthu uja wapita ku mandazi. Akanakhala pamwamba akanauona moto msanga, bwenzi atatsika kalekale. Ndiye moto wabuka mlonda wake ali kogula mandazi, akangodziwa amusenzetsa mlandu wonse, Nyundo amuphwanya kaye kenako apolisi amutenga, nanga ine Esinati ndikamuuza chiyani? Zoti motowo wayambira kunsi kwake, kumene iye sakanauona, n'kumutsekera masitepe aakulu, sizinandifikire n'komwe. Mayi Wezulo anaitana Sipho. Ndinawerama n'kusintha mawu. “Ndilipo.” Cholembera chinachonga, dzina lina linatsatira. Mumtima ndinadziyamikira kuti mlamu wanga ndamupulumutsa.

Magalimoto a ozimitsa moto anafika msanga, ndisawanamizire. Mkulu wawo anafunsa ngati m'katimo muli munthu, Mayi Wezulo n'kumuonetsa buku lochongedwa lonse. Mkuluyo atamva kuti pamwamba pali mabotolo a gasi, analamula anthu ake kuti asalowe, azingothira madzi ali panja. Ine ndinaima pamenepo kudikira kuti Yotamu atulukire kumbuyo kwa gulu, mafuta a mandazi ali kukamwa. Ndinadikira ndithu, mwina theka la ola. Kenako ndinazemba n'kudutsa pa kabowo kaja. Mayi wa ku Dedza anali akulongedza madengu ake kuthawa utsi. Nditamufunsa anati alamu anuwo lero sanabwere, ndawasungira mandazi awo atatu.

Mmene ndinabwererera sindikumbuka. Ndimangokumbuka ndikukuwa dzina lake lenileni, loti Mayi Wezulo sanalimvepo, kenako Nyundo atandigwira pakhosi akundikokera kuseri kwa kontena. Iye anali atazindikira kale, ndipo makiyi a malokowo anali m'thumba mwake. Anati nditseke pakamwa, munthuyo wafa kale, ndikalankhula tonse tikalowa m'ndende. Ndinamulavulira kumaso. Anandimenya ndi chipewa chake cholimba pakamwa penipeni, ndinamva mano akuthyoka, limodzi ndinameza. Nditagwa anandiponda m'nthiti kawiri ndi jombo. Dzanja langa linapeza chidutswa cha njerwa, ndinadzuka nacho n'kumufikitsa pakhutu, khutulo linatsala likulendewera. Tinagubuduzana m'matope a madzi ozimitsira moto aja, ine ndikuluma paliponse pamene mano otsala anafika. Anzathu akutilekanitsa, mabotolo a gasi anaphulika pamwamba, nthaka inagwedezeka, zidutswa za khoma zikugwera mumsewu. Ndinakwawira pamapazi pa Mayi Wezulo, magazi ali chuchuchu, n'kumuuza kuti Sipho ali m'kati.

Ozimitsa moto awiri anavala zopumira n'kukwera masitepe akumbuyo. Sanavutike n'komwe, masitepewo moto sunawakhudze. Anadula unyolo wa pa nsanjika yachinayi, koma chitseko chinakankhika movuta chifukwa iye anali atatsamira pomwepo. Anatsika naye atamukulunga. Ine ndinamuvundukula, ngakhale ankandiletsa. Msana wonse unali utapsa, malaya atamatirira ku mnofu, zikhadabo zinayi zitazuka. Pambali pake anapeza botolo lofiira lija, lopanda kanthu, litaphwanyika kunsi. Anayamba walithira pa moto mpaka kutha, kenako n'kumamenya nalo chitseko, moti chitsulo cha chitsekocho chinali maenjemaenje. Tsiku limenelo Yotamu sanachoke pa ntchito yake.

Mayi Wezulo anatifunsa mmodzimmodzi kuti anayankha dzina la Sipho ndani. Anzanga anazolika. Ine ndinati m'phokoso muja sindinamve. Tsiku lachitatu akuluakulu a kampani anandiitanira m'kontena, Nyundo ali pomwepo ndi bandeji kumutu. Anandiwerengera milandu yanga mwaulemu: ndilibe mapepala, ndinadula zitsulo popanda chikalata, ndavulaza kapitawo. Kenako anaika pepala patebulo. Linkanena kuti tsiku limenelo panalibe wodula zitsulo, koma malemuyo anazemba pagulu n'kukwera yekha kukaba kopa, moto n'kuyamba ndi ndudu yake. Yotamu, munthu woti utsi wa fodya wa mnzake unkamutsokomoletsa. Anati ndikasaina kampani itumiza mtembo mpaka kwawo, ine ndiperekeze. Ndinasaina. Ndingati ndinaopa ndende, ndipo n'zoona ndinaopa, koma chimene ndinaopa koposa n'chakuti nkhani yoona ikafufuzidwa ikafika pa mawu anga aja a pa mlongoti.

Mayi Wezulo kampani inamuchotsa ntchito sabata yomweyo. Ndinakumana naye pa geti atanyamula katoni ya zinthu zake. Anandiyang'ana pakamwa potupa paja nthawi yaitali.

“Thabo, kaya dzina lako lenileni ndi ndani,” anatero motsitsa mawu, “m'buku muja mukanakhala mpata umodzi wokha, anthu aja akanafika pa chitseko chija mphindi zisanu zisanathe. Adokotala akuti anakhala akupuma nthawi yaitali.”

Anawoloka msewu n'kukwera minibasi.

Tinayenda masiku anayi ndi bokosi lokhomerera. Pepala la kampani linabwera pamodzi ndi mtembo, ndipo ku Sinda mkulu wake wa Yotamu, amene anapitako kusukulu, analiwerenga n'kumasulira akuluakulu. Anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa ngati n'zoona. Ndinati ine ndinali pansi, sindinaone, koma kampani ndiye yatero. Pofika nthawi yopita kumanda nkhani inali itazungulira mudzi wonse. Mlaliki anapezapo polowera, analalikira za malipiro a kuba, amayi ake a Yotamu atagwira kumutu. Esinati analira mpaka pakati pa ulalikiwo, kenako anangosiya. Anapukuta nkhope ndi chitenje n'kuyang'ana kumbali.

Kumudzi ndinalephera kukhala. Ndinabwerera ku Joni, kampani ina, zaka zina ziwiri, mowa ndi ndewu zikundiperekeza kulikonse. Nditatopa ndinabwera kudzakhala pa Katete, n'kuphunzira kumanga nditakula kale. Pa ntchito zanga pano anthu amati ndine wovuta. Wowotcherera akamaliza zenera ndimakhala pamalopo ine ndemwe mpaka chitsulo chizizire, chitseko chakumbuyo sindilola kuti chikhomedwe anthu ali m'kati, ndipo powerenga anthu ndimawerenga nkhope, mmodzimmodzi, chipewa chili m'manja. Amandiseka kuti zachijoni. Ndimangowasiya aseke.

Esinati ndiye ndinamupeza ali munthu wina. Mlongo wanga uja woseka ndi aliyense anali atauma mtima. Chithunzi cha ukwati anachichotsa pakhoma, Baibulo la mwamuna wake anapatsa anthu. Ku chigayo akazi anzake akamuona ankachita ngati akubisa matumba awo, ana ake kusukulu ankatchedwa a kwa Kopa. Iye sankalimbana ndi anthuwo, ukali wake wonse unkapita kwa malemu. Ndikapita kukawaona ku Vubwi ankandiphera nkhuku, n'kumandithokoza kuti ndinavutika ndi mtembo wa munthu wopanda nzeru, woti anasinthanitsa ana ake ndi waya. Ine ndinkatafuna nkhukuyo ndi mano am'mbali, n'kumavomereza ndi mutu. Manyazi ankandigwira, koma mantha ndiwo ankapambana.

Chaka chachinayi chimwalirireni Yotamu, nthawi yokumba mtedza, kunabwera uthenga wochokera ku Sinda woti akufuna kumanga chiliza, ndipo mkazi wa malemu ndi ana akakhalepo. Esinati ndinamupeza kumunda, akukumba yekha. Anati sapita. Anati sangatunge ngakhale ndowa imodzi ya madzi omangira manda a mbava, ndipo ana ake sadzapondako, aiwale kuti anali ndi bambo. Mawu amenewo ndinalephera kuwameza. Ndinakhala pa mzere n'kumuuza zonse, kuyambira mbaliwali zanga, unyolo, buku, pepala limene ndinasaina, mpaka botolo lophwanyika lija. Sindinachotsepo kalikonse. Iye anamvetsera ataimirira, khasu lili m'manja.

“Pamene munkayankhapo, anali moyo?”

“Anali moyo.”

“Akumenya chitseko?”

“Eya.”

Anatembenuza khasu. Mpini woyamba unandipeza paphewa, ndinamva fupa likulira. Wachiwiri pamsana, wachitatu pa mkono umene ndinatchinjiriza nawo mutu, ndipo unathyoka pomwepo. Ine wa ndewu uja, amene ndinang'amba khutu la Nyundo, ndinangogona m'mizere osabweza. Sankakuwa ayi, ankangopuma mwamphamvu ngati munthu akusinja. Anthu a m'minda yoyandikana anathamanga kudzamugwira, koma iye anataya khasu yekha asanafike.

“Imfayo ndikanaimvetsa, achimwene,” anatero, ali wefuwefu. “Munafuna kumuteteza, munalakwitsa, zimachitika. Koma mwandisiya zaka zinayi ndikutukwana mwamuna wanga, inu mukudya nkhuku zanga. Ana ake ndawaphunzitsa kudana naye ndi pakamwa pangapa. Zimenezo ndiye muzikonza bwanji?”



Ku Sinda ndinapita mkono uli mu pulasitala. Esinati ananena kuti ndikalankhule ndekha, pagulu, njerwa yoyamba isanaikidwe, ndipo ndinatero. Mkulu wake wa Yotamu anandithira khofi mpaka kugwa, wina anatola njerwa ya chiliza yomweyo, anthu n'kumugwira manja. Amayi ake okalamba sanandiyang'ane n'komwe. Anangopempha kuti ndibwereze paja pakuti mwana wawo sanachoke pa ntchito yake, ndipo ndinabwereza katatu, iwo akugwedeza mutu. Madzi onse omangira chilizacho anatunga Esinati yekha, anakana kuthandizidwa.

Atamaliza kukolola anasamuka ndi ana kupita ku Sinda, kwa apongozi ake, ndipo ali komweko mpaka lero. Dzina la Yotamu linayera, ana ake amalitchula mopanda manyazi. Mwezi wathawu Esinati ndinamuona pa msika wa Katete, atayala mtedza pa thumba. Ndinazungulira kawiri ndisanalimbe mtima, kenako ndinakaima patsogolo pake n'kumutchula dzina. Anadzutsa mutu, nandiyang'ana bwinobwino, popanda ukali uliwonse.

“Muli bwanji, bambo?” anatero mwaulemu wonse. “Mukufuna wa mbale yaing'ono kapena yaikulu?”

Ndinagula wa yaikulu, ndipo anandiikira mbasela monga amachitira ndi wina aliyense.